MLENDO NDI MAME: MKANGANO WA PANYANJA NDI MPHIKA WA ANTHU A M'MALIRE

Inu aphunzitsi anzanga ndi inu achinyamata amene mwangotula cholembera cha mayeso a Folomu 4, sabata yathayi tinakambirana za miseu ya chigawo cha kumpoto ndi m'mene imathandizira kapena kulepheretsa malonda. Lero ndifuna tiyang'ane nkhani ina imene ambiri amaiyesa ya akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Dodoma okha, pamene kunena zoona imafika mpaka pa mafuwa a nyumba zathu. Nkhaniyi ndi ya mkangano wa malire a panyanja pakati pa dziko lathu ndi Tanzania, ndi zimene mikangano yotere imachita ku ntchito yokopa alendo m'madera a m'malire.

Chimene chinandiutsa maganizo ndi ichi. Ine ndimakhala ku Zolozolo mu Mzuzu muno, ndipo ndimaphunzitsa Jogalafe pa sekondale ina ya mumzindamu. Tsiku lina mtsikana wa Folomu 3 anabwera ndi kope limene mai ake anamgulira pa msika wa Taifa, kumene amalonda ambiri amaoda katundu wao ku Tanzania. Kuchikuto kwa kopelo kunali mapu, ndipo pa mapupo mzere wa malire unadutsa pakati penipeni pa nyanja, dzina la nyanjayo litalembedwa kuti Nyasa. Kalasi lonse linaŵira ngati mphika wa nyemba. Mnyamata wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, ameneŵa akutiputa dala. Bwanji osangotumizako asilikali?" Anzake anamuombera m'manja. Ine ndinadikira kuti phokoso lizizire, kenaka ndinafunsa kuti, "Ndani mwa inu amene fizi yake imachokera kwa m'bale wosema ziboliboli, wophika m'nyumba zogona alendo kunyanja, wopalasa bwato, kapena woyendetsa galimoto pa mseu wa ku Karonga?" Manja anakwera ochuluka ndithu, ndipo limodzi mwa manjawo linali la mnyamata yemwe uja wofuna nkhondo.

Tisanapite patali, tiyeni tikumbutsane gwero la mkanganowu. Pa 1 Julayi 1890 maboma a Britain ndi Germany anasaina pangano la Heligoland, limene mwa zina linadula malire a madera ao mu Africa muno. Panganolo linati malire a dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, atsate gombe la nyanja kukafika pa mathiriro a mtsinje wa Songwe. Ndiye kuti madzi onse a mbali imeneyo anagwera kuno. Ndi Apwitikizi zinayenda mosiyana, pakuti mu 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kuti malire ndi Mozambique adutse pakati pa madzi, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu zikhalebe zathu. Mu 1964 atsogoleri a maiko a Africa atakumana ku Cairo anapangana kuti dziko lililonse lilemekeze malire amene linawapeza polandira ufulu. Komabe mu 1967 Tanzania inadziŵitsa boma lathu kuti kwa iyo malire ali pakati pa nyanja. Mfundo yao ndi yakuti umo ndimo zikhalira pa nyanja zambiri zimene maiko amagaŵana, ndiponso kuti anthu a ku Matema, Liuli ndi Mbamba Bay sangakhale alendo pa madzi amene makolo ao anamwa ndi kuphamo nsomba.

Nkhaniyi inagona zaka zambiri, kufikira mu 2011 pamene boma lathu linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja. Chaka chotsatiracho moto unabuka. Andale ena anayamba kutchula nkhondo poyera. Mu Ogasiti 2012 nthumwi za maiko aŵiriŵa zinakumana mu Mzuzu mommuno, koma sizinamvane. Nkhani inapita kwa amkhalapakati, atsogoleri opuma Joaquim Chissano wa ku Mozambique, Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana, ndipo mu 2014 zokambiranazo zinaima popanda chigamulo. Chilondacho chinangomangidwa nsanza, sichinapole.

Ine maganizo anga sindibisa. Ndikaŵerenga pangano la 1890 pamodzi ndi chimvano cha ku Cairo, ndimaona kuti mlandu wa Malaŵi ndi wolimba, ndipo ndimaphunzitsa ana anga motero. Koma chimene ndifuna kutsindika lero ndi chakuti kukhala ndi mlandu wolimba sikutipatsa chilolezo cholankhula mosasamala, pakuti mau aukali olankhulidwa ku likulu amakalipiridwa ndi anthu a ku Chitimba, ku Nkhata Bay ndi ku Songwe, amene sanafunsidwe n'komwe.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Iwo ankatanthauza kuti mlendo sakhalitsa, tsono timsamale akadalipo. Mwambiwu ukukhudzanso mlendo wa masiku ano wodzaona malo, pakuti monga mame amauma dzuŵa likangotentha pang'ono, nayenso amazimirira akangomva mphekesera ya mfuti. Taganizani za munthu wokhala ku Berlin kapena ku Osaka amene wasunga ndalama zaka ziŵiri kuti adzaone Africa. Iye sadziŵa kuti kuchokera ku Songwe kufika ku Mangochi ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndi kupitirira. Akaŵerenga pa intaneti kuti pa Nyanja ya Malaŵi pali mkangano, kwa iye nyanja yonse yayaka moto. Ofesi za akazembe a dziko lake zikalemba chenjezo, makampani a inshuwalansi nawo amayamba kukayika, ndipo makampani okonza maulendo, amene amasindikiza ndondomeko zao chaka chathunthu ulendo usanachitike, amangofufuta dzina la dziko limene likuwapatsa nkhaŵa.

Pamenepa mpamene ife a kumpoto tiyenera kutsegula maso. Alendo ambiri amene amafika ku magombe athu sabwera pa ndege ai. Amabwera pa zimalole zikuluzikulu zoyenda ulendo wautali wochokera ku Nairobi kupita ku Cape Town. Akachoka ku Zanzibar ndi ku Dar es Salaam amadzera ku Mbeya, naoloka pa Songwe, nagona ku Chitimba, kumene ena amakwera phiri kukaona Livingstonia ndi mathithi a Manchewe. Kuchoka apo amadutsa mu Mzuzu kugula zakudya, natsikira ku Kande, kenaka n'kutulukira ku Mchinji kupita ku Chipata. Tsono tayang'anani pa mapu. Woyendetsa chilole chimenecho akafika ku Mbeya ali ndi njira ina: akhoza kuloŵa mu Zambia pa Tunduma, nakafika ku Lusaka ndi ku Victoria Falls osaponda dothi la Malaŵi ngakhale phazi limodzi. Ife tili pa mphambano imene mlendo akhoza kuilambalala. Chitseko chathu cha kumpoto chili ndi zogwirira ziŵiri, china chili m'manja mwathu, china chili m'manja mwa Tanzania.

Ndili ndi malume anga amene akhala akusema ziboliboli ndi mipando ya mafumu kufupi ndi Chitimba kuyambira ine ndisanabadwe. Mu 2012, ine ndikadali pa sukulu ya ukachenjede, ndinapita kukawachezera pa tchuthi. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo, ziboliboli zitandandalikidwa pa mphasa, fumbi litazikuta. Anandiuza kuti alendo oŵerengeka amene ankaimabe sankafunsanso mtengo wa njovu kapena wa bawo, koma ankafunsa ngati nkhondo iyambadi. Ndiye anandiyang'ana nati, "Mphwanga, iwe ndiwe wophunzira. Tandiuza, mafuta amene akulimbiranawo alipodi pansi pa madzipo? Chifukwa ine sindinawaone, koma njala ndiye ndaiona." Chaka chimenecho mfuti sinalire ndi imodzi yomwe, bwato silinamizidwe ndi limodzi lomwe, koma mwana wao wamkazi anakhala pakhomo teremu yathunthu kusoŵa fizi. Zaka zoposa khumi zapitapo, ndipo mpaka lero palibe mbiya imodzi ya mafuta imene yatuluka m'nyanjamo kukagulitsidwa.

Mbiri yathu ili ndi maphunziro okwanira pa nkhaniyi. Pambuyo pa kugaŵanika kwa nduna mu 1964, ena mwa atsogoleri amene anathaŵa, monga Kanyama Chiume, anakakhala ku Tanzania, ndipo ubale wa maiko aŵiriŵa unazizira kwambiri. Mu 1968 Dr. Kamuzu Banda ananena poyera kuti madera ena a kum'mwera kwa Tanzania anali a Malaŵi kalekale, ndipo chidani chinakula. Kwa zaka pafupifupi makumi aŵiri chigawo cha kumpoto chinali ngati nyumba ya khomo limodzi loyang'ana kum'mwera. Angonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela, anthu omvana chilankhulo ndi okwatirana, ankaonana mozemba. Mlendo wochokera kunja akanadzera kuti?

Chodabwitsa n'chakuti chimene chinatsegula khomo la kumpoto inali nkhondo ina. Nkhondo yapachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 ndi kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Magalimoto odutsa pa mseu wa ku Tete ankayenda mu mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo woyenda pamenepo ankatsazika abale ake ngati sadzabweranso. Dziko lathu linalandira othaŵa nkhondo okwana pafupifupi 1,000,000. Popeza kum'mwera kunatsekeka, boma linakakamizika kuyang'ana ku Dar es Salaam, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mseu wochokera ku Karonga kukafika ku Songwe unatsegulidwa. Unamangidwira mafuta ndi feteleza, koma pambuyo pake mseu womwewo ndiwo unadzabweretsa alendo kwa malume anga. Ndipo mtendere utabwerera ku Mozambique, mlendo amene wafika pa Likoma kudzaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuolokera ku Cobue pa bwato, gombe limene pa nthaŵi ya nkhondo palibe akanalota kuliponda. Phunziro lake ndi loonekeratu: pamene malire apuma, mlendo amabwera yekha osaitanidwa.

Tisanamizane kuti olakwa nthaŵi zonse ndi anzathu a tsidya lija. Mu Disembala 2016 Atanzania asanu ndi atatu anamangidwa ku Karonga pamene ankafuna kukaona mgodi wa Kayelekera. Mphekesera inawanda kuti ndi akazitape, ndipo anakhala m'ndende miyezi ingapo mlandu wao usanathe mu Epulo 2017. Za mlanduwo anaweruza ndi a khoti, ine sindionjezapo. Koma dzifunseni: mphunzitsi wa ku Mbeya amene ankaganiza zobweretsa ana a sukulu yake kudzaona mafupa a Malawisaurus ku nyumba yosungira za makedzana ya ku Karonga, atamva nkhaniyo anachita chiyani? Timaiŵala kuti mlendo si mzungu yekha. Mtanzania wodzasambira ku Chintheche, Mzambia wa ku Lundazi wodzadya chambo ku Nkhata Bay, onseŵa ndi alendo, ndipo ndi iwo amene amabwera ngakhale m'miyezi imene azungu kulibe.

Mu Malichi 2025 boma lathu linaletsa kuitanitsa zinthu zina zakunja pofuna kuteteza alimi ndi amalonda athu. Mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa mbeu zathu kuloŵa m'dziko lao. Patangopita masiku ochepa chiletsocho chinachotsedwa, ndipo kumayambiriro kwa Meyi nduna za maiko aŵiriŵa zinagwirizana. Komabe zithunzi za nthochi ndi tomato zikuolera pa malire zinali zitazungulira kale dziko lapansi. Madzi akatayika saoleka. Kumapeto kwa Okutobala chaka chomwecho, zipwirikiti zotsatira chisankho cha ku Tanzania zinasokoneza chipata cha Songwe kwa masiku angapo. Pamenepo ife tinalibe chifukwa, koma utsi wa nyumba ya mnansi unaloŵa m'maso mwathu.

Zoterezi sizichitika kwathu kokha. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia ndi Zambia, ndipo mlatho wa pa Victoria Falls unasanduka malo a asilikali. Mu Meyi chaka chomwecho atsikana aŵiri a ku Canada odzaona mathithiwo anaomberedwa ndi kufa, ndipo mu 1977 hotela ya Elephant Hills inapsa ndi chida cha nkhondo. Mathithi anali omwewo, madzi anali kugwa monga mwa masiku onse, koma owaona anasoŵa. Taonani tsono zimene maiko aŵiri omwewo anachita atakhala pa mtendere: mu 2014 Zambia ndi Zimbabwe anayambitsa chiphaso chimodzi cholola mlendo kuoloka mlathowo uku ndi uku. Mtsinje wa Zambezi ukadali malire, koma anaona kuti mlendo wogona masiku anai mbali zonse ziŵiri aposa mlendo wosabwera konse.

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu mukuti, "Kodi aphunzitsiŵa akufuna tigulitse nyanja yathu chifukwa cha timakobidi ta alendo?" Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho langa ndi lakuti ai. Dziko limene lingataye cholowa chake pofuna kukondweretsa odutsa ndi dziko lopanda msana. Koma kusunga mlandu ndi kwina, kuopseza alendo ndi kwina. Amuna aŵiri akhoza kukangana za malire a munda kwa a mfumu, akazi ao n'kumatungabe madzi pa chitsime chimodzi. Mlandu wa malire uli ndi mabwalo ake: zokambirana, amkhalapakati, ngakhale khoti la maiko onse la ku The Hague, ngati mbali zonse zitavomera kupitako. Kumeneko ndiko kofunika akatswiri a malamulo, mapu akale ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa chipata cha Songwe pofunika ulemu, changu ndi nkhope yosekerera. Wandale amene atchula nkhondo pa msonkhano kuti amuombere m'manja saonjezera mlandu wathu mphamvu ndi pang'ono pomwe, koma amachotsa nsima m'mbale ya mwana wa ku Chilumba.

Ndipo sikuti kugwirizana ndi anansi ndi chinthu chachilendo kwa ife. Mtsinje wa Songwe umasinthasintha njira yake nthaŵi ya dzinja, kotero kuti munda umene unali ku Malaŵi ukhoza kudzuka uli tsidya la Tanzania. M'malo momenyana, maboma aŵiriŵa anakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwa cha mtsinjewo. Phiri la Nyika tikugaŵana ndi Zambia, ndipo mu 2015 maiko aŵiriŵa anasaina pangano losamalira pamodzi nyama ndi nkhalango za m'malire. Ngati zinatheka pa mtsinje ndi paphiri, chingalepheretse n'chiyani panyanja? Panali zaka zimene sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, inkaima pa Mbamba Bay. Ndimalota tsiku limene mlendo adzakwere sitima pa Nkhata Bay, nakagona pa Likoma, naona Cobue, nakafika ku Matema m'tsinde mwa mapiri a Livingstone, ndi chiphaso chimodzi chokha, akatswiri a malamulo akupitirizabe zokambirana zao m'maofesi.

Ngakhale nkhondo zakale zikhoza kusanduka chuma zikatha. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko limene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Manda a asilikali a nkhondo imeneyo alipo ku Karonga mpaka lero. Theka la nkhani imeneyi lili kwathu, theka lili kwao, ndipo palibe mmodzi wa ife angaifotokoze yonse kwa mlendo popanda mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa inu amene mwangotsiriza sukulu ndikuti: si nonse mudzapeza malo ku Mzuzu University, kumene amaphunzitsa za kukopa ndi kusamala alendo, koma nonse mukhoza kudzikonzekeretsa. Phunzirani Chiswahili, chimene mumachimva tsiku ndi tsiku pa Taifa popanda kulipira. Idziŵeni mbiri ya Livingstonia kuyambira 1894, maina a mbalame za ku Vwaza ndi a nsomba za mbuna, kuti mlendo akakufunsani musangoti kaya. Koposa zonse, samalani zimene mumalemba ndi kutumiza pa lamya zanu. Mphekesera ya nkhondo imene mwaitumiza moseka pa Facebook kapena pa WhatsApp imaŵerengedwa ndi anthu amene simudzawaona, ndipo mmodzi wa iwo ndi uja akanadzakulembani ntchito yomperekeza ku Manchewe.

Kwa inu aphunzitsi anzanga ndikuti: tiphunzitse pangano la 1890 molimba mtima, koma tifotokozenso mfundo za anzathuwo mwachilungamo, kuti ana athu adziŵe kutsutsa ndi nzeru osati ndi chipongwe. Mwana amene waphunzira kudana ndi munthu wa tsidya la mtsinje sadzatha kulandira mlendo wochokera tsidya la nyanja yamchere.

Kope lija la mapu ndinalipempha kwa mwini wake, ndipo ndinalikhoma pa khoma la kalasi pambali pa mapu athu. Teremu iliyonse ana atsopano amafunsa chifukwa chake mapu aŵiriwo akusiyana, ndipo ine ndimayamba phunziro ndi funso lomwe lija la fizi. Mnyamata wofuna nkhondo uja anamaliza sukulu, ndipo tsopano amathandiza bambo ake aang'ono kunyamula alendo pakati pa Mzuzu ndi Songwe. Tinakumana posachedwa pa siteji ya ku Zolozolo, ndipo anandipatsa moni m'Chiswahili.

Loŵeruka likudzali, Mulungu akalola, tidzakambirana za nkhalango ya Chikangawa ndi zimene kutha kwa mitengo yake kwachita ku maonekedwe a chigawo chathu.